Mavolontiya, lekani kuwoloka mtsinje wodzaza njinga ili paphewa

Mlungu wathawu ndinaona ndi maso angawa mayi wina, volontiya wosamalira odwala m'midzi, ali pakati pa khwawa madzi akulekeza m'chiuno. Njinga inali paphewa, chikwama cha mankhwala atachibereka ndi chitenje ngati mwana. Anyamata a kabaza ndiwo anawavuula. Njinga inapita, foni inazima osayakanso, kaundula wa odwala anasanduka phala. Nditawafunsa anati, "Nanga agogo aja mankhwala awathera, alangizi, ndikanatani?"

Mtima wachifundowo sindikuutsutsa ayi. Koma dzinja lino lokha ndi kachitatu kumva zoterezi, ndipo zafika ponditopetsa. Timanena pamsonkhano uliwonse, anthu n'kumagwedeza mitu, mawa lake omwewo akukwinya chitenje m'mphepete mwa madzi.

Chimene chimatipusitsa kuno ku Chikwawa n'chakuti kumwamba kumakhala kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo. Madzi odzaza mtsinje wa Mwanza, kapena timitsinje ta ku East Bank (tsidya la kum'mawa kwa Shire) totsika m'mapiri a Thyolo, si a mvula yanu. Agwa usiku kumtunda, afika kwanu m'mawa, ndipo amabwera kamodzi n'kamodzi. Munthu amalowa ali m'maondo, pofika pakati ali pachifuwa. Madzi othamanga ozama masentimita 15 okha, ongopitirira akakolo, amatha kugwetsa munthu wamkulu, chifukwa amakumba mchenga kunsi kwa phazi. Ndiye inu mwasenzanso njinga, manja onse ali m'mwamba, mudzigwira ndi chiyani? Ena amalowa atavala magambuti. Akadzaza madzi, magambutiwo amasanduka miyala yomangirira kumiyendo.

Bambo wina wolima thonje, amene dimba lake lili tsidya, anandiseka nditanena izi. "Alangizi, ife mtsinje uwu tinasambamo tili ana, ungatiuze chiyani?" Patangopita masiku anabwera okha kudzandiuza kuti ngolo yawo yatitimira pa dooko lomwe akhala akudutsapo moyo wawo wonse. Ng'ombe anazipulumutsa podula zingwe, matumba a chimanga anapita. "Pamene panali mwala paja pali dzenje," anatero. Eya! Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasintha njira za mitsinje yambiri, kwina kukwirira ndi mchenga, kwina kukumba. Mtsinje umene mumaudziwa uja kulibenso. Paja wa Tinkanena unakathira mu Siizi.

Taganizani zimene zimatayika. Njingayo palibe adzakugulireni ina msanga. Kaundula akanyowa sitidziwanso amene walumphitsa mankhwala a TB ndi amene tsiku lake lotenga ma ARV layandikira. Madzi osefukira amakhala atakokolola zimbudzi, inu n'kuwameza, n'kukagwira wodwala amene thupi lake ndi lofooka kale. Kufupi ndi Shire ng'ona nazo zimayenda ndi madziwo. Ndipo mukapita inuyo, agogo aja adzawayendera ndani, ndi anzawo onse a m'kaundula?

Zochita mukuzidziwa kale. Odwala a tsidya akalandire mankhwala mtsinje usanadzaze; amene akuyenda bwino pa ma ARV amapatsidwa a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, kafunseni kuchipatala. Khalani ndi nambala ya gadiyani wa wodwala aliyense, ndipo gwirizanani ndi volontiya wa tsidyalo kuti azikuimirani. Mverani za nyengo pa wailesi ndi mauthenga a komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi. Madzi akakhala ofiira, a thovu, akutenga zitsa, khalani pamtunda. Timitsinje tating'onoti timaphwera pa maola ochepa. Matenda akakula tsidya, imbirani mlangizi wa zaumoyo ndi amfumu, osalowa nokha. Kukachita ziphaliwali musabisale pansi pa mtengo. Kaundula ndi foni muzizikulunga mu jumbo ziwiri.