Momwe mungakonzere nyimbo za chaka ndi bajeti ya okesitira popanda kugwa m'ngongole

Usiku wa konsati zonse zimaoneka kuti zili bwino. Holo yadzaza, oimba 60 kapena 70 akhala m'mipando yawo atavala zakuda, mavayolini akulira, ndipo pomaliza anthu akuimirira n'kuwomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. M'mawa mwake msungichuma akakhala pansi ndi mabuku, amapeza kuti ndalama za matikiti sizinafike ngakhale theka la zimene usikuwo wadya. Palibe waba, palibe wagona pa ntchito. Umu ndi mmene okesitira zambiri zimakhalira, makamaka za m'zigawo, zimene zinalembetsedwa ngati mabungwe osafuna phindu ndipo zilibe anthu achuma ochuluka ngati a ku New York kapena London.

Akatswiri awiri a zachuma a ku America, William Baumol ndi William Bowen, anafotokoza gwero la vutoli mu 1966. Fakitale ikagula makina atsopano, anthu ochepa amapanga katundu wambiri. Koma nyimbo imene Beethoven analembera anthu anayi ikufunabe anthu anayi mpaka lero, ndipo imatenga mphindi zomwezo. Malipiro amakwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu, pomwe ntchitoyo siifupika.

Ngati mwangosankhidwa kumene kukhala mu bodi ya okesitira yotere, kapena mwapatsidwa udindo woiyendetsa, gwirani mfundo iyi: mndandanda wa nyimbo ndi bajeti ndi chinthu chimodzi. Nyimbo iliyonse imene mwasankha yakuuzani kale kuchuluka kwa mipando imene muyale pa nsanja, ndipo mpando uliwonse ndi malipiro a munthu.

Gawo 1: Yambani ndi ndalama zimene zilipodi

Musanatchule dzina la nyimbo ngakhale imodzi, tulutsani mabuku a zaka zitatu zapitazo. Ndalama za okesitira zimalowera makomo atatu. Khomo loyamba ndi la zimene mwagwirira ntchito: matikiti, makonsati amene ena akulembani kuti mukaimbe, zotsatsa malonda m'kabuku ka pulogalamu. Lachiwiri ndi la zopereka, kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, makampani, mabungwe othandiza ndi boma. Lachitatu ndi la thumba la ndalama zosungidwa, ngati muli nalo.

Zoperekazo muzigawe patatu: zimene munthu walonjeza ndipo wasainira, zimene zimabwera chaka ndi chaka mosaphonya, ndi zimene mukungoyembekezera. Zachitatuzi musazilowetse mu bajeti. Zilembeni pa pepala lina, ndipo zikabwera mudzaone chochita nazo. Mabodi ambiri amagwera pomwepa, chifukwa bajeti ikapanda kulingana, n'chapafupi kungokweza nambala ya zopereka kusiyana n'kuchotsa konsati imene aliyense akuilakalaka.

Gawo 2: Werengani mipando ndi maulendo

Apa ndiye pagona nkhani. Okesitira zikuluzikulu zimalipira oimba mwezi ndi mwezi. Za m'zigawo zambiri zimalipira pa ulendo uliwonse umene woimba wabwera, kaya kudzayeserera kaya kudzaimba pamaso pa anthu. Pa Chingerezi ulendo woterewu amautchula kuti service, ndipo kawirikawiri umatenga maola awiri ndi theka. Ndiye mtengo wa pulogalamu mumaupeza pochulukitsa chiwerengero cha oimba ndi chiwerengero cha maulendo.

Tiyerekeze. Mwasankha simfoni (nyimbo yaitali ya okesitira, ya zigawo zingapo) ya nambala 40 ya Mozart. Nyimboyi ilibe malipenga a trumpet, ilibenso ng'oma za timpani. Ikufuna zoimbira za zingwe, zitoliro zingapo ndi malipenga awiri otchedwa horn. Anthu 40 akwanira. Kuyeserera katatu ndi konsati imodzi ndi maulendo anayi, kutanthauza malipiro 160. Tsopano wotsogolera nyimbo akuti mtima wake uli pa simfoni yoyamba ya Mahler. Imeneyi ikufuna ma horn 7, oimba timpani awiri, zeze, zitoliro zochuluka, komanso mavayolini ambiri kuti asamizidwe ndi malipengawo. Tinene anthu 90. Ndi yovutanso, choncho kuyeserera kanayi ndi konsati imodzi: malipiro 450. Holo ndi yomweyo, mipando ya omvera ndi yomweyo, mtengo wa tikiti sungasiyane kwambiri, koma bilu ya oimba yakwera pafupifupi katatu.

Sindikunena kuti musamaimbe Mahler. Mzinda umene uli ndi okesitira uyenera kumva nyimbo zikuluzikuluzi nthawi zina, ndipo oimba amakula nazo. Chofunika n'chakuti mukasankha imodzi yotere, mudziwiretu kuti ndi makonsati ati aang'ono amene aisenze.

Pali kanthu kena kamene anthu ongoonera sakadziwa. Mu simfoni yachisanu ya Beethoven, oimba malipenga a trombone atatu amakhala chete zigawo zitatu zoyamba, zida zili pa miyendo, akudikira chigawo chomaliza. Mu simfoni ya Dvořák imene inayamba kuimbidwa ku New York mu 1893, woimba lipenga lalikulu la tuba amangoliza manotsi ochepa m'chigawo chachiwiri, basi. Onsewa amalandira malipiro athunthu, ndipo n'koyenera kutero, chifukwa asiya zonse kuti abwere. Nzeru yake ndi iyi: ngati mwaitana kale tuba ndi ma trombone, nyimbo zina za usikuwo zikhale zofunanso zida zimenezi. Ndipo pokonza nthawi yoyeserera, nyimbo zofuna anthu onse muziike pa tsiku limodzi, kuti tsiku lina mubwere ndi gulu locheperako.

Gawo 3: Sankhani nyimbo mutakhala pamodzi

Wotsogolera nyimbo ndiye mwini khutu, ndipo mawu ake alemekezedwe. Koma asasankhe yekha m'chipinda n'kubweretsa mndandanda wotha kale. Patebulo pakhale iyeyo, woyendetsa bungwe, woyang'anira mapepala a nyimbo, wolemba oimba ntchito, ndi nthumwi za oimba eniake. Woyang'anira mapepala uja musamuchepetse. Ndi amene amakhala ndi pensulo ndi labala masabata angapo konsati isanafike, akulemba pa pepala lililonse la vayolini pomwe uta ukwere ndi pomwe utsike. Mukangotchula nyimbo, iye amadziwa kale ngati mapepala ake ali m'kabati kapena ayenera kubwerekedwa, komanso zida zachilendo zimene ikufuna.

Yambani zokambiranazi chaka chathunthu kapena kupitirira nyengo ya makonsati isanayambe. Oimba alendo otchuka ndi maholo abwino amasungitsidwa msanga kwambiri.

Gawo 4: Fukulani ndalama zobisika

Pa pulogalamu iliyonse tsegulani pepala lakelake, ndipo mulembe zonse, ngakhale zooneka zazing'ono.

Yambani ndi umwini wa nyimbo. M'mayiko ambiri nyimbo imatetezedwa mpaka patatha zaka 70 woipeka atamwalira. Za Mozart, Beethoven ndi Brahms ndi za aliyense tsopano, ndipo mapepala ake ambiri amapezeka ulere pa intaneti, pa tsamba la IMSLP. Nyimbo zambiri zatsopano sizigulitsidwa. Mumabwereka mapepala ku kampani yosindikiza, kulipira malinga ndi kuchuluka kwa makonsati, n'kubweza mukamaliza. Palinso chilolezo choimbira pagulu, chimene ku America chimadzera ku mabungwe monga ASCAP ndi BMI.

Kenako lembani za holo: lendi, ogwira ntchito pa nsanja, olondera, magetsi. Mlendo woimba piyano amabwera ndi malipiro ake, ulendo, malo ogona, ndiponso wokonza piyano amene ayenera kuichuna konsati isanayambe. Zeze ndi ng'oma zikuluzikulu zimafuna galimoto. Simfoni yachisanu ndi chinayi ya Beethoven imafuna kwaya ndi oimba anayi apadera, ndiye kuti nsanja yowonjezera ndi nthawi ina yoyeserera. Ndipo samalani ndi mphindi zopitirira. Pomwe pali mgwirizano ndi bungwe la oimba, kuyeserera kukangodutsa nthawi pang'ono, aliyense amene ali pa nsanja amalandira zowonjezera.

Makonsati oonetsa filimu okesitira ikuimba nyimbo zake pompo amakoka anthu ambiri amene sanalowepo mu holo ya konsati. Koma chilolezo cha filimu ndi zipangizo zoonetsera zimadya ndalama zambiri, choncho werengani kaye kuti mipando ingati iyenera kugulidwa kuti mungobweza zimene mwalowetsa.

Gawo 5: Zodziwika zisenze zachilendo

Okesitira iliyonse imadziwa makonsati amene amadzaza holo. Ku America ndi ku Ulaya, December ndi mwezi wokolola: Messiah ya Handel, nyimbo za Nutcracker za Tchaikovsky, ndi makonsati a Khirisimasi a mabanja. Musachite nawo manyazi. Akonzeni bwino, chifukwa ndi amene amalipirira zina.

Koma ndikukana maganizo akuti njira yopulumukira ndi kumangobwereza nyimbo khumi zomwezo chaka chilichonse. Omvera okhulupirika amatopa, oimba amazizira, ndipo mabungwe othandiza amafunsa kuti mukuchita chiyani chatsopano. Njira imene imagwira ntchito ndi kuika nyimbo yachilendo pambali pa yodziwika. Munthu wagula tikiti chifukwa cha Dvořák, koma usiku womwewo amvanso Florence Price, mayi wachikuda woyamba amene simfoni yake inaimbidwa ndi okesitira yaikulu ya ku America, ku Chicago mu 1933. Nyimbo zake zinakhala zaka zambiri osamveka, ndipo tsopano zabwerera pa nsanja. Wopeka nyimbo wamoyo wa m'chigawo chanu mungamupatsenso mphindi khumi zoyambirira za konsati. Nyimbo yatsopano ikakhala yodula kuilipira nokha, gwirizanani ndi okesitira zina zingapo, mugawane mtengo, aliyense adzaiimbe kwawo.

Makonsati a ana asukulu sabweretsa ndalama za pakhomo, komabe ndi amene opereka thandizo ambiri amakonda kulipirira. Apatseni malo awoawo mu bajeti.

Gawo 6: Jambulani kalendala ya ndalama

Bajeti ingalingane pa pepala, koma mwezi wina n'kupezeka kuti ku banki kulibe cholipirira oimba. Lembani mwezi ndi mwezi zimene zilowe ndi zimene zituluke.

Chenjezo lalikulu lili pa matikiti a nyengo yonse. Anthu amalipira miyezi ingapo nyengo isanayambe, ndipo ndalamazo zimafika nthawi imene chaka chakale chikutha ndi mabowo ake. Chiyeso chotsekera mabowowo ndi ndalama za chaka chamawa chimakhala chachikulu. Dziwani kuti ndalamazo si zanu mpaka konsati itaimbidwa. Ndi ngongole kwa omvera. Mukazidya msanga, chaka chamawa mudzayamba muli kale m'dzenje, ndipo dzenjelo limakula chaka ndi chaka. Mu 2011 Syracuse Symphony Orchestra inaima pakati pa nyengo yake ya chi 50, makonsati otsala n'kulephereka, anthu ali ndi matikiti m'manja. Chaka chomwecho Philadelphia Orchestra, imodzi mwa zotchuka pa dziko lonse, inapita ku khoti kukapempha chitetezo kwa amene inali nawo ngongole, ndipo inatuluka mu 2012.

Yesetsani kukhala ndi kathumba kapadera kokwanira kuyendetsa bungwe miyezi ingapo popanda cholowa.

Gawo 7: Musadye mbewu

Thumba la ndalama zosungidwa lili ngati mbewu. Ndalamazo zimaikidwa kuti zizibereka, ndipo mabungwe ambiri amatapamo 4 kapena 5 pa 100 iliyonse pa chaka. Lembani lamulo limeneli, bodi ilivomereze, ndipo musaliswe chifukwa cha chaka chimodzi choipa. Ndalama zimene munthu wapereka ndi cholinga chake, monga zophunzitsira ana, zigwire ntchito yomweyo. Kuzipatutsa ndi kuphwanya lonjezo, ndipo m'mayiko ambiri ndi mlandu.

Gawo 8: Oimba aone mabuku

Gawo lalikulu la bajeti ndi malipiro a anthu, choncho zinthu zikathina maso onse amatembenukira kwa oimba. Ambiri mwa oimba a m'zigawo amapeza zochepa kale. Amaphunzitsa ana masana, n'kuyenda mitunda italiitali kukaimba m'magulu awiri kapena atatu kuti akwanitse lendi. Akamva za mavuto a zachuma koyamba pa tsiku lokambirana malipiro, sangakhulupirire. Mkangano wa ku Minnesota Orchestra unatseketsa makonsati kuyambira October 2012 mpaka kumayambiriro kwa 2014, ndipo wotsogolera nyimbo, Osmo Vänskä, anatula pansi udindo kwa kanthawi. San Antonio Symphony, imene inayamba mu 1939, inathetsedwa mu 2022 pambuyo pa sitalaka yaitali, oimba ake n'kudziyambitsira gulu lawo. Ku America mabungwe osafuna phindu amapereka kale lipoti la pachaka lotchedwa Form 990, limene aliyense angaliwerenge. Ndiye palibe chifukwa chobisira oimba anu manambala. Aonetseni miyezi itatu iliyonse, zikakhala bwino ndi zikavuta zomwe.

Zikavuta pakati pa nyengo

Tinene kuti wothandiza wamkulu wabwerera m'mbuyo nyengo ili pakati. Musathamangire kudula nthawi yoyeserera, chifukwa omvera amamva kusiyana kwake, ndipo oimba amachita manyazi ndi ntchito yosapsa. Yang'anani kaye makonsati amene oimba ake sanalembedwe. Nyimbo ya anthu 85 ingasinthidwe ndi ina yabwino ya anthu 50, yopezeka kale m'kabati mwanu. Funsani woimba mlendo ngati angavomere kudzabwera chaka chamawa. Ogula matikiti alembereni kalata yofotokoza zoona, ndipo amene sakufuna kusinthaku mum'bwezere ndalama zake. Opereka thandizo okhulupirika aimbireni foni mmodzimmodzi sabata lomwelo, asanamve nkhaniyo kwa ena.