Kamangidwe ka Ferrari yapulasitiki ya Jody Scheckter

Achimwene, mwafunsa kamangidwe ka kagalimoto kapulasitiki kokumbukira Jody Scheckter, katswiri wa mpikisano wa magalimoto wa F1 mu 1979. Pezani Ferrari 312T4, galimoto yomwe ankayendetsa chaka chimenecho, yopangidwa ndi kampani ya zidole ya Tamiya, ya sikelo ya 1/12 (yochepa maulendo 12 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni).

Choyamba tsukani tizidutswa m'madzi a sopo, tiume. Tiduleni ndi kampeni, mukwechenso ndi sandipepa. Yambani ndi injini, guluu akhale kadontho chabe.

Penti yofiira muipopere mopyapyala kawiri kapena katatu, pamalo opanda mphepo. Chonde apa samalani: fumbi la mu Ogasiti kuno ku Johannesburg linandiwonongera bodi yonse. Dikirani tsiku lathunthu kuti penti iume.

Zomata za nambala 11, ya galimoto ya Scheckter, ziviikeni m'madzi ofunda, muzitsetserezere pabodi, mutsindire ndi thonje. Mukamaliza, mukakajambule ku bwalo la mpikisano wa magalimoto la Kyalami, komwe Scheckter anapambana mu 1975.