Yezetsani kuthamanga kwa magazi mutu usanawawe

Mafuta akamaunjikana m'kati mwa mitsempha, njira ya magazi imachepa ngati ngalande yodzaza matope. Choopsa n'chakuti chotupa cha mafutacho chikang'ambika, magazi amaundana pomwepo. Ukatsekeka mtsempha wa mtima, mnofu wa mtima umafa. Ukatsekeka wa ku ubongo, ndiye sitiroko.

Abale a ku Angónia ndi Moatize, kuthamanga kwa magazi, komwe kumakulitsa ngozi zimenezi, nthawi zambiri sikumveka m'thupi, choncho kayezetseni ku chipatala. Mukapezeka ndi 140/90 kapena kuposa masiku awiri osiyana, yambani chithandizo. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera wa mu usipa wouma. Fodya musiyiretu, ngakhale wopichira.

Munthu akapindika pakamwa, dzanja kulefuka, mawu kusokonekera, zimenezi ndi zizindikiro za sitiroko, musamudikirire agone kaye. Thamangirani naye ku chipatala, maola oyambirira ndiwo amapulumutsa ubongo.