Voti ya khansala: mmene mungavotere ndi kutsatira zotsatira za mwadi mwanu

Ambiri tikapita kukavota maganizo amakhala pa pulezidenti basi, pepala la khansala timangochonga mothamanga, kenako dzinja likafika ngalande zatsekeka ku Bangwe, zinyalala zaunjikana pamsika wa Area 25, ndiye mpamene timayamba kufunsana kuti kodi khansala wathu ndi ndani. Kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala opanda makhansala, ndiye mpandowu tisautenge mwachibwana.

Choyamba dziwani kuti 50+1 ija, yoti wopambana apeze mavoti oposa theka, ndi ya pulezidenti yekha. Kwa khansala wopambana ndi amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzake, olo atasiyana ndi voti imodzi, palibe kubwereza. Ndiye mwadi momwe apikisana anthu ambirimbiri munthu atha kudutsa ndi mavoti ochepa zedi, voti yanu apa ndiyolemera kuposa mmene mukuganizira.

Kuti muvote mukhale ndi zaka 18, munalembetsa ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho, ndi chitupa cha unzika, ndipo mukavotere pa senta yomwe munalembetsa. Ngati munasamuka chitani transifa nthawi yake ikatsegulidwa, osadikira tsiku lovota. Pa 16 September 2025 paja mapepala anali atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, lililonse ndi bokosi lake. Chongani munthu mmodzi yekha pa pepala lililonse, mukachonga awiri kapena kulembapo dzina lanu voti ija yawonongeka.

Pa zotsatira ndi pomwe ndimafuna mumvetsetse. Mavoti amawerengedwa pa senta pomwepo mamonita a zipani ndi a oyima paokha akuona, amasaina fomu, ndipo kope limamatidwa kuti aliyense awone. Pitani mukajambule ndi foni, mufananize ndi zomwe MEC idzalengeze, zomwe zikuyenda pa WhatsApp usiku zija musazikhulupilire. Za makhansala zimatuluka pomaliza, lamulo limapatsa MEC masiku 21, ndiye kuchedwa pakokha sikubera ayi. Manambala akasiyana, kandideti akadandaule ku MEC molemba, zikakanika nkhani imapita ku High Court.

Komanso meya simumuvotera inu, amasankhidwa mkhonsolo momwemo pakati pa makhansala, ndipo amakhala zaka ziwiri ndi theka. Amene mwamuchonga mothamanga uja atha kudzakhala meya wa mzinda wonse wa Blantyre kapena Lilongwe.