Kasankhidwe ka Galu Wosakira Nguluwe

Ngati mukufuna galu wosakira nguluwe monga amachitira alenje a ku Texas ndi Louisiana ku America, yambani mwadziwa ntchito imene galuyo adzagwire, pakuti agalu ake ali m'magulu awiri.

Poyamba sankhani wolondola fungo, amene akaipeza nguluwe amaizungulira n'kumauwa mpaka mlenje atafika. Pa ntchito imeneyi agalu a mitundu ya Catahoula ndi Black Mouth Cur ndiwo odalirika. Kenako pezani wogwira, monga American Bulldog kapena Dogo Argentino, yemwe amaluma khutu n'kukakamira osataya.

Musanapereke ndalama, kaoneni makolo a kagaluko ali pa uzimba, chifukwa dzina la mtundu palokha silisaka. Wogwirayo mumugulirenso chovala chochindikala choteteza khosi ndi chifuwa, poti mano a nguluwe amang'amba ngati mpeni.