Masheya pa Harare: ngati sali m'dzina lanu, si anu

Lamlungu lathali, titangotuluka m'tchalitchi ku Mufakose, mnyamata wina wa kwathu ku Ntcheu anandikokera pambali. "Achimwene, akuti inu mumadziwa za masheya. Pali bambo wina akufuna andigulire." Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anadabwa. Mawu oti "andigulire" amenewo ndi amene anandiphera ndalama zanga za zaka zitatu, ndipo mpaka lero ndikawamva m'mimba mumatentha.

Ine ndimakonza mafiriji. Mu 2018 ndinali nditasunga madola a America 1,800 m'chitini cha mkaka, kuseri kwa wodirobu. Amene anandilozera njira anali mnzathu wa m'bungwe lathu la maliro, munthu amene tinkadya naye nsima mbale imodzi. Ananditengera m'tauni, pa nyumba ina yosanja, pamwamba pachitatu. Kachipinda kake kanali ndi mipando iwiri, kompyuta imodzi ndi kalendala ya banki pakhoma. Mwini wake anali wovala bwino, wolankhula mofatsa, ankasakaniza Chishona ndi Chichewa chophunzira, akuti agogo ake anachokera ku Zomba. Anandiuza kuti mlendo ngati ine sangatsegule akaunti ya masheya (timagawo ta umwini wa kampani) popanda kuvutika miyezi yambiri, choncho agula m'dzina la kampani yake, ine ndizingolandira phindu. Ndinawerenga ndalama zija pa tebulo, iye n'kundilembera lisiti la m'kabuku kogula m'sitolo ya mabuku. Ndinatuluka ndikudziona ngati bwana.

Mwezi ndi mwezi ankanditumizira chithunzi cha mitengo pa WhatsApp. Mitengo inkakweradi. Nditaona m'nyuzipepala kuti kampani ina imene ankati wandigulira yalengeza dividendi, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, ndinamuimbira. "Musade nkhawa, ndaibwezeramo, ndakuonjezerani masheya." Pepala? "Libwera." Mu February 2019 boma linabweretsa ndalama yatsopano ya Zimbabwe yotchedwa dola ya RTGS, mu June chaka chomwecho n'kuletsa kugwiritsa ntchito ndalama zakunja. Bamboyo anandiuza kuti madola anga aja tsopano ndi a RTGS, imodzi kwa imodzi. Ndinameza mate. Kumapeto kwa June 2020 boma linaimitsa malonda onse pa msika wa masheya wa Zimbabwe Stock Exchange (ZSE), msika n'kudzatsegulidwanso mu August. Iye anapezerapo chonamizira: msika watsekedwa, dikirani. Utatsegulidwa, foni yake inasiya kulira. Nditakwera masitepe aja komaliza ndinapeza atsikana awiri akugulitsa makava a mafoni m'kachipinda kaja.

Chimene chinandipweteka koposa chinali funso limene anandifunsa kumene ndinakadandaula: "Nambala yanu ya CSD ndi chiyani?" CSD ndi kaundula amene amasunga masheya a munthu aliyense m'dzina lake, koma ine ndinangoti kukamwa yasa. Ndinatulutsa lisiti langa lija, mayi wa pa desiki analiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kutembenuza kompyuta kuti ndione ndekha mndandanda wa mabroka ovomerezeka, amene ali ndi chilolezo chogulira ndi kugulitsira anthu masheya. Dzina la munthu wanga panalibe. Kaya anagula masheyawo kaya sanagule, m'mabuku a msika ine kunalibeko. Mnzanga wa ku bungwe la maliro uja timaonanabe, koma moni wathu ndi wa pakamwa chabe.

Tsono mverani. Zoti mlendo sangatsegule akaunti ndi bodza. Mumapita kwa broka amene ali pa mndandanda wa Securities and Exchange Commission of Zimbabwe, mutanyamula pasipoti, mapepala anu okhalira m'dziko muno, umboni wa pamene mukukhala ndi akaunti ya ku banki, ndipo amakutsegulirani akaunti ya CSD m'dzina lanu. Amene mumakonda za pafoni, kuli mapulogalamu ogulira masheya a C-TRADE ndi ZSE Direct. Basi. Aliyense amene akuti "ndikugulirani m'dzina langa", kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya mlamu wanu, mukaneni. Ndalama musapereke pamanja. Ndipo nthawi iliyonse imene mwagula kapena kugulitsa, broka akupatseni contract note yosonyeza kampani, chiwerengero cha masheya, mtengo ndi zonse zimene zadulidwa. Palibe pepalalo, palibe chachitika.

Ndinayambiranso mu 2021, ndi ndalama zochepa, ndili ndi mantha. Zimene ndaphunzira kuchokera pamenepo ndi izi.

Muno muli misika iwiri, ndipo musaisokoneze. ZSE ya ku Harare imagulitsa m'ndalama ya dziko lino. Victoria Falls Stock Exchange, imene inatsegulidwa mu October 2020, imagulitsa m'madola a America. Kumeneko n'kumene kuli Simbisa, eni ake a Chicken Inn, kuli Innscor, kuli Padenga, kulinso First Capital Bank, imene mwini wake wamkulu ndi FMBcapital Holdings yomwe ili pa msika wa kwathu ku Blantyre. Delta, ya Chibuku ndi Castle, ili pa ZSE. Ine mbali yaikulu ya zanga ndinaika kwa madola, ndipo sindipepesa. Munthu amene amatumiza ndalama kumudzi, amene amalipira lendi m'madola, awerengere phindu lake m'madola.

Apa ndi pamene ambiri mumanyengeka, ndipo ndimatopa kubwereza. Mumaona pafoni kuti sheya imene munagula pa 100 tsopano ili pa 300, n'kuyamba kuuza anzanu kuti mwalemera. Mwafunsa kuti 300 ameneyo akugula madola angati lero? ZiG, ndalama yatsopano ya dziko lino, inabwera mu April 2024 ili pa 13.56 pa dola imodzi. Pofika kumapeto kwa September chaka chomwecho banki yaikulu inaigwetsa kufika pafupifupi 24. Amene masheya ake anakwera ndi theka m'miyezi imeneyo anali atataya ndalama, chonsecho akumwetulira. Khalani ndi kope. Tsiku logula lembani kuti mwaika madola angati. Tsiku limene mtima ukukuuzani kuti mwapindula, sinthani mtengowo kukhala madola musanauze mkazi wanu.

Za kutapa phindu, lamulo langa ndi losavuta, ndipo ena anditsutsa. Sheya ikakwera mpaka kuwirikiza m'madola, ndimagulitsa gawo lokwanira kubweza ndalama imene ndinaikamo, zotsalazo ndimazisiya zizindiberekera dividendi. Anzanga ena amati ndimathamangira, ikanakwerabe. Ikhoza kukweradi. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ine ndinaona ndi maso anga msika wonse ukutsekedwa ndi chilengezo cha usiku umodzi. Funsani amene anali ndi masheya a Old Mutual pa ZSE mu 2020: msika utatsegulidwanso awo anakhalabe oimitsidwa, munthu ali ndi chuma papepala koma sangachigulitse. Ndi chifukwa chake sindiika zonse pa kampani imodzi ngakhale nditaikonda bwanji.

Koma musatengenso mbali inayo, yogula Lolemba n'kugulitsa Lachisanu ngati tomato wa pa Mbare Musika. Kugula kulikonse ndi kugulitsa kulikonse kumadulidwa: ya broka, ya msika, ya oyang'anira, msonkho wa boma. Mukapindula pang'ono n'kugulitsa, zodulidwazo zimadya phindu lonse. Komanso boma limasintha msonkho wa ogulitsa masheya kawirikawiri. Mu 2022 linakhwimitsa dala msonkho pa anthu ogulitsa masheya amene sanakhalitse nawo, pambuyo pake linasinthanso. Musanagulitse, mufunseni broka kuti lero akudula zingati, musadalire zimene munamva chaka chatha pa kombi.

Tsopano dividendi, imene kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonse. Kampani ikalengeza, imatchula masiku. Pali tsiku lomaliza limene ukagula umalandira nawo, ndipo likadutsa sheya imagulitsidwa yopanda dividendi imeneyo, mtengo wake nthawi zambiri n'kutsikako. Ndaona anthu akuthamangira kugula atamva kuti "kukubwera dividendi", tsiku litadutsa kale, kenako n'kumatukwana kampani. Werengani chilengezocho. Onaninso ngati akulipira m'madola kapena m'ndalama ya muno, chifukwa makampani ena a pa ZSE amalengeza m'masenti a dola ya America. Pa masheya a pa ZSE boma limadula msonkho wa 10 pa 100 iliyonse ndalamayo isanakufikeni, choncho musadabwe ikabwera yoperewera.

Dividendi yoyamba imene inalowa mu akaunti yanga, m'dzina langa, sinali yokwana ngakhale thumba la ufa. Ndinakhala pa bedi ndikuyang'ana uthengawo kwa nthawi yaitali. Sindinaidye. Ndimaisonkhanitsa mpaka ikwane kugula chinthu chooneka, chifukwa kugula timasheya tiwiri titatu n'kungodyetsa broka. Ikakwana ndimaonjezera pa makampani amene akhala akulipira chaka ndi chaka, amene katundu wawo ndimamuona anthu akugula tsiku lililonse: buledi, nkhuku, mowa. Kampani imene yakwera chifukwa cha mphekesera koma sinalipirepo kanthu, ndimaidutsa. Ndipo mukasintha banki, foni kapena nyumba, zomwe ife alendo timachita pafupipafupi, kauzeni broka ndi amene amasunga kaundula wa eni masheya a kampaniyo. Mukapanda kutero dividendi yanu idzangokhala m'mabuku mwawo, inu mukudandaula kuti salipira.

Ena mumati bola kugula kwathu. Chabwino, Malawi Stock Exchange ilipo, kuli National Bank, Standard Bank, Airtel, Illovo, Press Corporation, NICO, ndipo ambiri mwa amenewa amalipira dividendi. Koma kwacha nayo inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, choncho kope lija mukalifunabe. Ndipo chonde, chonde, musatumize ndalama kwa msuweni wanu ku Ndirande kuti "akugulireni". Ndi dzenje lomwe lija ndinagweramo ine, langosintha malo. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi, patulani tsiku limodzi, kwerani minibasi, kakhaleni nokha pamaso pa broka.

Mapepala anga onse ali m'envulopu ya khaki, nambala ya CSD yolembedwa pamwamba, ndipo mayi a kunyumba akudziwa pamene ili. Lisiti la bambo uja lilimonso. Mnyamata wa ku Ntcheu uja ndinamuonetsa lisitilo, analitembenuza uku ndi uku, sanayankhe kanthu. Tapangana kuti Lachiwiri atenge pasipoti yake, tikumane pa siteshoni ya makombi ya Copacabana nthawi ya 9 koloko, ndimuperekeze kwa broka.