Mmene Mungamangire Nokha Zipangizo Zowonjezera Mphamvu ya Galimoto Pakhomo

Musanagule chipangizo chilichonse, tsegulani boneti n'kulemba nambala ya chasisi ndi dzina la injini, chifukwa dzina la galimoto palokha silikwanira. Toyota Corolla yochokera ku Japan imene nambala yake imayamba ndi NZE121 ili ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, pamene ya ZZE122 ili ndi 1ZZ-FE ya malita 1.8, ndipo chipangizo chokwana pa imodzi chikhoza kukana pa inzake. Funsaninso wogulitsa ngati chipangizocho n'cha galimoto ya chiwongolero cha kumanja, pakuti zambiri za pa intaneti anazipangira galimoto za ku America, zimene chiwongolero chake chili kumanzere. Ngakhale manati a matayala amasiyana mano: kawirikawiri a Toyota ndi M12x1.5, a Nissan ndi Subaru ndi M12x1.25, ndipo mukakakamiza nati yolakwika mumaononga mano a bawuti.

Chimene ndikupempha kuti musachipeputse ndi kaimikidwe ka galimoto. Jeke ntchito yake n'kukweza basi, si yoti munthu agone pansi pa galimoto akuidalira. Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba, makamaka pa konkire, tsekerezani matayala amene atsala pansi, kenako ikhazikeni pa ma jack stand awiri, zitsulo zochirikizira galimoto ikakwezedwa. Njerwa musazikhulupirire ngakhale zitaoneka zolimba motani, chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi, ndipo amene ali pansi sapeza mpata wothawa. Yambani ntchito injini itazizira, chotsani waya wa negetivi pa batire musanakhudze mawaya ena, ndipo jambulani zithunzi ndi foni musanamasule kanthu kuti pobwezeretsa musadalire kukumbukira. Mabawuti a ekizozi amene agwira dzimbiri muwathire mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo, muwamasule m'mawa mwake.

Anthu ambiri amayamba ndi fyuluta ya mpweya yooneka ngati chulu, chifukwa njosavuta kumanga ndiponso imamveketsa bwino injini. Komabe fyuluta yotereyi ikakhala pafupi ndi injini yotentha imakoka mpweya wotentha, umene umachepetsa mphamvu m'malo moiwonjezera, ndipo pa misewu yathu ya fumbi fyuluta yotsika mtengo imalowetsa dothi limene limadya injini pang'onopang'ono. Ngati ndi yopaka mafuta, musachulutse mafutawo, chifukwa amadetsa sensa yoyeza mpweya, galimoto n'kuyamba kutsamwa. Masipuling'i otsitsa galimoto nawonso muwaganizire kawiri poona mahampu ndi maenje amene mumadutsa tsiku ndi tsiku. Mukasankha kuwamanga, musamasule sipuling'i popanda chida choifinyira, pakuti ikafwamphuka imavulaza koopsa, ndipo mukamaliza pitani mukachititse alaimenti.

Kwa ine, choyenera kuyamba nacho ndi mabuleki abwino ndi matayala, liwiro lizibwera pambuyo. Mukasintha mapadi a mabuleki, pondani buleki kangapo mpaka italimba musanasunthe galimoto.

Pomanga, yambani kupotokola nati iliyonse ndi dzanja, kenako malizani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati, motsatira muyeso wa m'buku la galimotoyo. Manati a matayala a Corolla amafuna 103 Nm pa torque wrench, ndipo amamangidwa modumphadumpha, osati motsatizana. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, yendetsani galimotoyo masiku angapo mukumvetsera phokoso ndi kuyang'ana nyali ya injini pa dashibodi, chifukwa mukasintha zitatu tsiku limodzi simudzadziwa chimene chayambitsa vuto. Mukayenda makilomita pafupifupi 100, onaninso ngati manati onse akadali olimba.

Dziwitsani kampani yanu ya inshuwalansi za zimene mwasintha, ndipo zipangizo zakale muzisunge m'katoni pamodzi ndi mabawuti ake, kuti ngati oyeza COF, chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, atakana ekizozi yaphokoso mudzathe kubwezeretsa yoyambayo tsiku lomwelo.